Mayendedwe a Nambala 9

Lolemba, 3 Novembala

Kwatsala masiku khumi ndi limodzi. Lachisanu la sabata yamawa ndikaima pamaso pa ondiyesa atatu, mmodzi wochokera ku yunivesite ina. Akavomera, digiri yachiwiri ndi yanga. Akakana, chaka china. Kusekondale komwe ndimaphunzitsa anandipatsa zaka ziwiri zokha. Januwale akundifuna m'kalasi, digiri ilipo kaya palibe.

Kutentha kwa Dar es Salaam. Fani ya mu labu ikungotakasa mpweya womwewo. Nkhomaliro chipisi cha mazira, cha mayi wa pageti uja.

Amayi andifunsanso pafoni kuti kwenikweni ndimachita chiyani kuno. Zaka ziwiri, funso lomwelo. Ndilembe pano, mwina Lachisanu ndidzayankha bwino kuposa mmene ndawayankhira iwo. Tizidole ta m'makanema ojambula ndi m'masewera a pafoni timayenda mayendedwe ogula. Kumaiko akunja kuli nyumba za makamera makumi anayi, munthu amayenda pakati, kompyuta n'kusunga mayendedwe akewo. Ife timangogula n'kuveka tizidole tathu. Mapeto ake mayi wa kuno ku Mbagala wasenza ndowa koma akuyenda ngati wachedwa ku ofesi ya ku Ulaya. Ine ndikuti mafoni atatu otchipa angagwire ntchito yomweyo. Ndajambula anthu khumi ndi awiri. Nkhope palibe, dzina palibe. Aliyense ndi chidole chotuwa chokhala ndi nambala.

Nambala 9 ndi Ababa. Akudziwa ndi a Dokotala Rutatina okha, mayi amene amayang'anira kafukufuku wangayu.

Mutu wachinayi wa buku langa waima pa iwo. Enawo amayenda molingana, mwendo uwu ngati uwo, makina alionse angawagwire. Ababa amatsimphina. Matumba a simenti anawagwera m'chiuno kudoko mu 1996, ine ndisanabadwe. Ngati mafoni anga agwira kutsimphinako bwinobwino, ndiye kuti njira yanga si yongoyerekeza. A Dokotala lero: "Siwema, mitu ina yonseyo ndi msuzi chabe. Nyama ili pa mutu wachinayi. Usaipsereze."

Gaudence, mnzanga wa mu labu, wadzipereka kundithandiza kusita mafayilo. Manja achangu, pakamwa pachangu kuposa manjawo. Ndamulola.

Lachitatu, 5 Novembala

Gaudence akadali ndi moyo chifukwa ndimaopa ndende.

Foni ikajambula, mizere ya mayendedwe imatuluka yonjenjemera, chidole n'kumachita ngati chili ndi malungo. Ndiye timaisalaza pang'ono. Kusita n'komweko, ntchito ya tsiku lililonse. Pang'ono! Iye wafika pa Nambala 9, waona mzere wa mwendo wamanzere ukugwa pa sitepe iliyonse, waganiza kuti foni imodzi inapendekeka pojambula. Maola anayi ali pomwepo kuwongola. Kenaka kundiitana, chifuwa patsogolo: "Achemwali, tabwerani muone. Fayilo iyi inali yovunda, ndaichiritsa. Mundigulire soda."

Ndayang'ana. Chidole chili njo, mapazi olingana, chikudutsa ngati msilikali pa perete.

Ndamulalatira mpaka a chipinda chinacho kusuzumira. Zimene ndanena sindilemba, Amayi angadzawerenge. Pakati pa kulalatako ndakumbukira kuti fayilo yoyamba ili m'kabokosi kanga kosungira mafayilo, m'chikwama. Ndatsekula. Ilipo, yonse.

Soda ndamugulira. Osati kuti imamuyenera.

Lachinayi, 6 Novembala

A Dokotala aseka mpaka kuvula magalasi. Akuti mnyamatayu wandipatsa mphatso osadziwa. Ndikaonetse ziwirizo pamodzi: kumanzere chimene chimachitika munthu akasita mwachizolowezi, kumanja chimene njira yanga imasunga. "Woyesa ngakhale akhale wogona tulo, apa adzuka."

Gaudence tsopano akuyenda ngati ndiye mwini kafukufuku. Wadula kachidutswa ka masekondi khumi, zidole ziwirizo, n'kuika pa tsamba la dipatimenti kuti anthu adziwe za Lachisanu. Anandifunsa kaye. Ndavomera. Nkhope palibe, dzina palibe, ndipo fomu ya komiti yoteteza anthu ojambulidwa imati zikatero munthu wabisika.

Ndagona bwino koyamba mwezi uno.

Loweruka, 8 Novembala

Kwathu ku Temeke. Madaladala awiri, maminibasi a kuno, choimirira njira yonse. Amayi aphika mpunga wa kokonati ndi nyemba.

Ababa abwera cha m'ma teni ndi ketulo yawo. Chichokereni kudoko ntchito ndi yomweyi: khofi m'ketulo yamkuwa, makala pansi pake, tikapu m'kandowa, kuzungulira Temeke m'mawa ndi madzulo. Ndayala laputopu pamphasa. Ndinkafuna aone chimene anandipatsa tsiku lija anayenda uku ndi uku pabwalo la mpira, ine ndikuwauza kuti bwererani, bwererani.

Aona chakumanja, aseka pang'ono. "Ee, ndine uyo. Ndi mmene ndimavutikira eti?" Kenaka chala pa chakumanzere. "Nanga mnzangayu ndani?" Ndati ndinu nomwe, mnzanga wina anawongola mwendo molakwitsa. Ndimayembekeza aseka.

"Bwereza."

Ndabwereza kasanu ndi kawiri. Amayi aima kumbuyo kwathu, chipande m'manja. "Mapewa ndi omwewo," atero. "Ndi mmene anabwerera kwathu ku Mtoni kudzandifunsira. Wapansi, nsapato m'manja kuti zisade." Abwerera kukhitchini, n'kukhalitsako ngakhale zonse zinali zitapsa kale.

Ine munthu ameneyo sindinamuonepo. Ndachita kansanje ndi Amayi, sindikudziwa chifukwa chake. Ababa adya pang'ono, akuti kutentha.

Lolemba, 10 Novembala

Chakudza sichiimba ng'oma. Foni ya Amayi eyiti koloko, ine ndili pakati pokonza zithunzi zoonetsa.

Kachidutswa kaja kafika ku Temeke. Wina wa kuno ku yunivesite anakatumiza kwa m'bale wake, m'bale wakeyo kwa anzake a njinga zamoto a pasiteji yathu. Sanachedwe. "A Bwato!" Ndi dzina limene amawatchula kuseri chifukwa cha kupendekera uku ndi uku. Ndimalidziwa kuyambira ndili wamng'ono, ndinamenyanapo ndi mtsikana wina chifukwa cha dzinalo, koma pamaso pawo palibe analitchulapo. Tsopano aikamo nyimbo yothamanga, chidole chikutsimphina motsata ng'oma. Foni ndi foni.

M'mawa uno wina wawaonetsa pasiteji, ena awiri n'kumayesezera kumbuyo. Ababa awathirira khofi onse, mmodzimmodzi, n'kubwerera kunyumba seveni isanakwane, ketulo ikadali yolemera.

Amayi sanakalipe. Kukalipa kukanakhala bwino. "Unati nkhope sadzaiona. Kodi anthu a kuno bambo ako amawadziwira nkhope? Amawadziwa ali uko, atapereka msana."

Tachotsa pa tsamba. Madzi akatayika saoleka. Gaudence nkhope gwa, akungoti sindinadziwe kuti ndi madala anu, achemwali, sindinadziwe. Mlandu si wake. Pa tsamba lachitatu la buku langa ndinalemba ndekha kuti mayendedwe a munthu ali ngati siginecha yake, palibe awiri ofanana. Ndi dzanja lomwelo ndinachonga m'kabokosi koti ojambulidwa sadzadziwika. Madokotala asanu a m'komiti anawerenga zonse ziwiri n'kudinda. Tonse ophunzira, tonse ouma mitu.

Ababa sindinawaimbire. Mantha basi, ndisadzinamize.

Lachiwiri, 11 Novembala

Abwera okha ku yunivesite. Mkanjo woyera wa Lachisanu, chisoti chopeta, madaladala awiri ndi mwendo umenewo. Ofesi ya a Dokotala aipeza okha pofunsa alonda. Ine andiitana iwo atakhala kale pampando.

Ndawapatsa moni waulemu, ayankha ngati akuyankha mwana wa eni. Atulutsa pepala m'kajumbo ka shuga. Chikalata chovomera kujambulidwa chija, chimene ndinawasainitsa mu Malichi ndikuwauza kuti ndi mwambo chabe wa kusukulu. Avala magalasi.

"A Dokotala, lero sindinabwere ngati bambo wa uyu. Ndabwera ngati Nambala 9."

Chala pa ndime yachisanu ndi chimodzi, awerenga liwu ndi liwu: wojambulidwa angathe kutuluka nthawi iliyonse popanda kupereka chifukwa. "Mawu awa ndi okongoletsa pepala, kapena amagwira ntchito?" A Dokotala ati amagwira. "Ndiye ndatuluka. Chifukwa musandifunse, pepala lanena kale."

A Dokotala aimirira n'kupepesa, manja onse awiri pachifuwa. Sindinawaonepo akutero kwa aliyense. Ati awaitanitsire tiyi. Ababa: "Zikomo, mayi, koma tiyi wa m'maofesi ndimamudziwa. Madzi otsukira kapu." Aseka a Dokotala okha.

Pachitseko Ababa atembenuka kufunsa chinthu chimodzi. Nanga chowongoka chija, nachonso chifufutidwa? A Dokotala ati chimenecho si kafukufuku, ndi cholakwika chabe, akachifuna atenge. Ababa agwedeza mutu n'kutuluka. Ndati ndiwaperekeze pasiteji, ati ndili ndi ntchito.

Ndinawayang'ana pawindo mpaka kupitirira mtengo wa mango. Ana a chaka choyamba awapatukira njira.

Zotsala ndi izi. Fayilo ya Nambala 9 ifufutidwe paliponse sabata lino lisanathe. Mutu wachinayi sungawerengedwe, sungaonetsedwe. A Dokotala alembera oyesa lero lomwe. "Lachisanu ukhoza kuimabe, Siwema. Koma ndisakunamize, nyama yachoka m'mbale."

Ndakwiya. Ndi iwo, inde, ndi Ababa. Zaka ziwiri zanga! Kenaka manyazi chifukwa chokwiya. Kenaka kukwiyanso.

Lachitatu, 12 Novembala

Nzeru za Gaudence, zitatu m'mawa umodzi. Yoyamba, aike mwala m'nsapato, ine ndimujambule, titi ndi munthu wina. Ndati ukanene zimenezo kwa a Dokotala uone ngati ubwerako ndi makutu. Yachiwiri, ndikaonetse oyesa okha chitseko chotseka, adziwa ndani? Yachitatu: "Kapena pitani mukalire basi. Bambo wake uti amapirira misozi ya mwana wamkazi?"

Yachitatuyo ndi imene yandipweteka, chifukwa ndi yoona.

Masana ndapezeka pasiteji ya ku Ubungo, mafoni atatu m'chikwama. Maso pansi, pa miyendo ya anthu, ngati wogula mbuzi. Otsimphina ndapeza anayi pa ola limodzi. Mzinda uno ngodzadza nawo, sindinkawaona. Mayi wina wa ndodo ndamutsatira mpaka pamalo ogulitsira nanazi. Watembenuka, wafumbatira kachikwama kake. "Wataya chiyani, mwanawe, kumapazi angaku?"

Ndati ndakufananitsani. Ndakwera daladala yolakwika chifukwa chofuna kuchokapo msanga.

Ndipo zinali zopanda mutu. Munthu watsopano amafuna chilolezo cha komiti, komiti ikhala mu Febuluwale. Ndimadziwa zimenezi ndisananyamuke.

Lachinayi, 13 Novembala

Ndinadziuza kuti ndikupita kukapepesa kokha. Koma fomu yatsopano ndinaisindikiza, ndinaiika m'chikwama pakati pa buku. Ndilembe zoona, pano palibe woyesa.

Ababa pakhonde, akutsuka tikapu toyera kale. Chichokereni Lolemba sanatulukenso ndi ketulo. Amayi anali atandigwirira kale ntchito yolira. Anawauza za chaka china, za Januwale, zonse, mwina ndi zowonjezera.

Ndisanatsekule pakamwa: "Tulutsa pepala lako. Ndikudziwa lili m'chikwamamo."

Ndatulutsa. Sanapukute m'manja. Sanatume magalasi. Asaina pabondo, madzi akudontha pa pepala. "Kaonetse, mwananga. Akaseka aseke. Ndayamba kusekedwa iwe usanabadwe." N'kubwerera ku tikapu tawo. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Amayi andikulungira maandazi, akuti ndidye ndisanalowe mawa.

M'daladala ndinalitulutsa pepalalo kawiri. Dzina lilipo, tsiku lilipo, palibe komiti ingalikane. Mawa ndikhoza kuonetsa zonse, woyesa wogona uja n'kudzuka. Koma Lachiwiri anawerenga liwu lililonse ndi chala. Lero sanawerenge ngakhale mutu wake. Lachiwiri kunabwera Nambala 9, amene anali ndi ufulu wokana. Lero wasaina ndi bambo wanga, ndipo ameneyo sanandikanepo kanthu chibadwire changa.

Malaya a mawa ndasita. Batani limodzi likulendewera, ulusi ndilibe.

Lachisanu, 14 Novembala

Pepala lakhala m'chikwama.

Si kuti ndine woyera mtima. Katatu dzanja linapita pa zipi. Nditafika pa mutu wachinayi ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti wojambulidwayo anatuluka, ndipo ndinafotokoza chifukwa: mafoni anga anamugwira bwino kwambiri moti dera lonse linamuzindikira m'masekondi khumi, popanda nkhope. Woyesa wa kunja uja, bambo wa imvi, waseka koma osati mwachipongwe. "Ndiye kuti njira yako imagwira, mwana wanga. Tionetse." Ndati sindingathe. "Umboni wosaonetseka ndi nthano."

Anditulutsa mphindi makumi awiri, andiitananso. Ndibwere chaka chamawa ndi mutu wachinayi watsopano, anthu atsopano, ndi fomu yonena zoona, yoti oyandikana nawo adzawazindikira. Digiri palibe. Januwale choko ndi ana a Fomu 2.

M'khonde a Dokotala andigwira mkono. "Mayi ako anandiimbira dzulo, akuti bambo asainanso. Pepala lili kuti?" Ndati linanyowa. Andiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi. "Ee. Mapepala amanyowa." Andikonza kolala n'kumapita.

Ndalira m'chimbudzi, mpopi wotsekula. Potuluka Gaudence ali pakhomo ndi masamusa awiri otsala patebulo la oyesa, m'kapepala. Wandipatsa onse awiri. Fayilo ya pa kompyuta ya mu labu wafufuta iye, a Dokotala akuona. Yatsala ya pa laputopu ndi ya m'kabokosi kanga.

Loweruka, 15 Novembala

Temeke. Amayi sakundilankhula, akungomenyetsa mapoto.

Ababa anakalipa, ndipo ndinasangalala kumva mawu awo atakwera. "Ine ndinasaina! Wandiyesa mwana? Wataya chaka chifukwa cha anyamata a njinga?" Ndawabwezera pepala lawo. Ndati amene anatuluka Lachiwiri sanabwerere, ine ndikumvera ameneyo. Alitembenuza, aliyang'ana kumbuyo kopanda kanthu, alipinda kanayi n'kuliika pansi pa ketulo, pa makala ozima.

Patapita nthawi: "Ndiye bweretsa makina ako ndione akufufuta."

Ndayala pamphasa. Ndawaonetsa batani, adina okha ndi chala chapakati. Kompyuta yafunsa ngati atsimikizadi. Ndawawerengera. "Makinawa ali ndi ulemu kuposa eni ake," atero. "Amafunsa kawiri." Adinanso. Kenaka ya m'kabokosi, chimodzimodzi. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi.

Chowongoka chija ndawaikira pafoni yawo. Sanachitsekule pamaso panga. Cha m'ma folo akoleza makala, pepala lija n'kuyatsira moto, adzaza ketulo, atuluka. Amayi asiya mapoto n'kukaima pachitseko mpaka akhote.

Pali chimene sindinauze aliyense, ngakhale a Dokotala. Fayilo ija sindinkaifunira digiri yokha. Ababa ali ndi zaka 68, m'mawa uliwonse chifuwa. M'menemo munali mphindi makumi anayi za iwo akuyenda, kupita ndi kubwera, mmene amaponyera phewa, mmene amapumira mwendo wamanzere usanatsike. Ndinkati tsiku lina, nyumba ino ikadzakhala chete, ndidzatsekula. Ndinali ndi makope awiri pachifukwa chimenecho. Tsopano ndilibe, ndipo zikundiwawa kuposa digiriyo.

Sikisi yatsala pang'ono. Amayi akusankha mpunga pakhomo. Kungodya kwa msewu kwamveka tikapu tikugundana m'kandowa. Phazi limodzi lolemera, linalo lokwekweza pamchenga. Lolemera, lokwekweza. Akadali kutali, pafupi ndi mpopi. Ndisiye kulemba, ndimvetsere bwino